Mayi Glenys ndi Zigoba za Amuna Awo

Mayi Glenys Pardew a ku Ballarat sanakondepo makanema oopsa. Pamene a Col ankawafunsira, mayiwa ankachapa zovala pachipatala, a Col akuonetsa makanema m'holo ya m'tauni. Mapepala akuluakulu otsatsira makanema amene eni holo ankataya, a Col ankatola n'kusunga. Mayi Glenys ankati ndi chibwana, chidzatha ukwati ukakhazikika.

Sichinathe. Holo itatsekedwa, a Col anayamba kukwera sitima mwezi ndi mwezi kupita ku okishoni ku Melbourne. Ankabwera ndi zigoba za labala zovala kumaso, manja a mizukwa, mano a anamapopa ndi zithunzi za akazi akukuwa. Zinadzaza chipinda cha alendo, zinasefukira pabalaza. Makatani sankatsegulidwa poti dzuwa limasulutsa utoto. Kukazinga soseji kunaletsedwa chifukwa cha utsi. Ngakhale mu Julaye, chisanu chikulowa m'mafupa, moto sunkasonkhedwa. Anzawo a kutchalitchi anasiya kubwera kudzamwa tiyi, chifukwa palibe ankafuna kudya keke mutu wa mmbulu ukumuyang'ana.

A Col atagonekedwa ndi khansa ya m'mapapo, anagwira dzanja la akazi awo. "Glen, zinthuzi musadzazimwaze. Zikamatuluka, zidzatuluke pamodzi."

Anavomera. Munthu akupuma movutikira sumutsutsa.

Maliro atatha, mng'ono wawo Noeleen anaimba foni kuchokera ku Hervey Bay, m'mphepete mwa nyanja, kuti wawakonzera chipinda, asamukire kotentha. "Achemwali, zaka makumi anayi muli mlonda wa zidole. Mukudikira kuti zikupatseni penshoni?"

Mayi Glenys anayesetsa. A nyumba yosungira zakale anayankha kuti alibe malo. Bambo wina wa ku Sydney ankafuna mapepala okha. Pomaliza anakwera sitima okha kupita ku okishoni kuja, atanyamula zithunzi za katundu yense. Mkulu wa pamalopo, a Stavros, anawauza mwaulemu kuti wogula zonse pamodzi sangapezeke, koma akalola kuzigawa, masiku awiri nyumba iyera. Iwo anati akaganiza. Poti sitima yobwerera inali ya madzulo, anakhala pampando wakumbuyo kuonerera malonda, khadi la nambala limene anapatsidwa pakhomo lili pamiyendo.

Pomwepo anawapeza a Skeggs, nkhalamba imene inkalimbirana katundu ndi a Col kwa zaka zambiri. Anapepesa maliro mwachidule, kenako anaseka. "Ndiye mwabwera kudzagulitsa eti? Ine nditenga zabwinozo mayi, zinazo mukataye kudzala."

Patapita kanthawi kutsogolo kunaikidwa mutu wa chilombo cha m'dambo, wobiriwira, khutu limodzi long'ambika. Mayi Glenys anauzindikira. A Col anauphonya kalekale pa okishoni yomweyi, ndipo ankaudandaula ngati mwana wotayika. A Skeggs anakweza khadi. Mayi Glenys anangoona dzanja lawonso lili m'mwamba. A Skeggs anakwezanso, iwonso anakweza, mpaka nkhalamba ija inapukusa mutu ndipo nyundo ya wogulitsa inagwa, mutuwo n'kukhala wa mayi Glenys.

Anthu osawadziwa anabwera kudzawagwira chanza, akuti dzina la Pardew silinafe. M'sitima anakhala ndi katoni pamiyendo, ndipo podutsa Bacchus Marsh misozi inayamba kutsika. Kunyumba kunalibe poika mutu uja, choncho anauika patebulo la kukhitchini. Kuyambira tsikulo amadyera mbale m'manja.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Noeleen anatopa kuitana, chipinda chija anaikamo makina osokera. Anthu osonkhanitsa zinthuzi amawaimbira foni mayi Glenys kufunsa ngati chigoba chakuti n'chenicheni kapena chopeka, ndipo chimene chimawawawa n'chakuti yankho amalidziwa. Ku Melbourne apitakonso kangapo, ulendo uliwonse akudziuza kuti akungokaonerera.

Chaka chatha bondo litayamba kuvuta, anapita kwa loya kukalembetsa wilo. Ana alibe. Anauza loyayo kuti iwo akadzapita, Noeleen adzagulitse zonse m'mene angafunire, ngakhale chimodzichimodzi. Loya anafunsa chifukwa chimene sakugulitsira okha panopa, akadali ndi mphamvu zoti n'kukapuma kunyanja.

"Amene ndinavomera ndine," anatero. "Noeleen sanavomere kanthu."

Anasaina, n'kupempha kuti awaitanire takisi.