Mabatire a mu Wailesi ya Bambo

Lero pamsika wa Milange, nditaimika njinga yanga ya kabaza kuti ndipumeko, ndinamva fungo la waya wopsa kuchokera kwa wokonza mafoni. Fungolo linandibweza kwathu ku Majaua, ndili mwana.

Amalume a Juwawu, okonza mawailesi, anandipatsa kamota kochokera mu wailesi yakufa. Ndinakamangirira pa galimoto yanga ya mawaya. Iwo anaikapo swichi, napingasitsa mawaya awiri kumbuyo kwake.

"Ukakankhira uku ipita, ukakankhira uku ibwerera," anatero.

Mabatire ndinalibe, choncho ndinasolola a mu wailesi ya bambo iwo ali kumunda. Nkhawa ndinalibenso. Ndinkaganiza kuti galimoto ikamapita imamwa moto, ikamabwerera imaubweza m'mabatire. Ndiye ndinkasamala: kakhumi kupita pamtengo wa mango, kakhumi kubwerera chambuyo. Kamota kanatentha, n'kuyamba kununkha, kenako kanangoti zii.

Madzulo bambo anatsegula wailesi kuti amve mauthenga a maliro, poti azakhali anali kudwala mwakayakaya kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Wailesi sinalankhule.

"Iwe, wagwira mabatire anga?"

"Ndagwira, bambo, koma moto wake ndabwezeramo wonse."

Sanandimenye. Anangousa moyo, napopa njinga, n'kuuyamba ulendo wokaona okha ngati mlongo wawo akadali moyo.

Lero ndapalasa kasanu kupita kuchipata cha pamalire cha Muloza ndi kubwerako. Zaka zonsezi, palibe ulendo wobwerera umene unandibwezerapo mphamvu.