Matenda amene Esitere anabisiridwa

Esitere anakulira pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo chiyambire utsikana wake ntchito yake inali yogulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiriko. Galimoto yoima ndi yongodutsa ankaisiyanitsa pongomva kulira kwake ikamakhota. Anali mayi wosachedwa kuseka, mpaka tsiku limene anakwera minibasi kukaona mwana wake Luso, yemwe anakwatiwa ku Blantyre.

Asanafike pa Namadzi, mtima unayamba kugunda ngati ukufuna kutuluka. Mpweya unamuchepera, manja anachita dzanzi, thukuta lili kamukamu. Anapempha kondakitala kuti amutsitse, nakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira imfa. Imfayo sinabwere. Anabwerera kwawo ali bwinobwino, koma zinthuzo zinayamba kumubwererabwerera: pamsika, m'tchalitchi, nthawi zina ali khale akusankha zipatso.

Mwamuna wake Henderson, wocheka matabwa, anapita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, dokotala nanena kuti mtima ulibe vuto. Koma potuluka dokotalayo anaitanira Henderson pambali, nalankhula naye motsitsa mawu. Esitere anaona mwamuna wake akukanda m'mutu. Atamufunsa panjira, anangoyankha kuti adokotala amati azipuma mokwanira.

Kuyambira pamenepo Esitere anakhala tcheru. Henderson, munthu amene sanagwirepo ndowa chikwatiraneni, anayamba kulawirira kukatunga madzi ku Mulunguzi. Anamugulira chitenje chatsopano popanda ukwati kapena Khirisimasi. Maliya, mlongo wake wa Henderson, anakwera phiri kuchokera ku Likangala atanyamula nkhuku. Amayi a kumpingo nawonso anabwera kudzamuimbira nyimbo, ndipo Esitere ankamvetsera mawu ake mosamala kuti aone ngati asankha za pamaliro. Mumtima ankati munthu sachitiridwa zoterezi pachabe, onsewa akudziwa kanthu. Maliya atayamikira dimba la masitiroberi, Esitere anaganiza kuti ayamba kale kugawana.

Kumsewu anasiya kupita. Ankakhala pakhonde chala chili pakhosi, kumvetsera mtima wake, ndipo akamaumvetsera m'pamene unkathamanga kwambiri. Zipatso zinkaolera m'dimba.

Mmawa wina Henderson akutuluka ndi sowo paphewa, anapeza mkazi wake ataima pakhomo.

“Bambo a Luso, lero mundiuze. Ndikufa liti?”

Henderson anatsamiritsa sowo kukhoma.

“Za imfa palibe, amake Luso. Adokotala anati ndi matenda a nkhawa, ndipo mukaonane ndi a kuchipatala cha matenda a m'maganizo. Ndinaopa kuti muziti ndikukuyesani wamisala.”

Mu Zomba palibe amene sadziwa zimene anthu amanena munthu akalowa pachipata chimenecho. Esitere sanamulankhule mwamuna wake kwa masiku angapo. Tsopano anayamba kuganiza zina, kuti mwina Henderson akufuna kukamusiya kumeneko kuti alowetse wina m'nyumba. Komabe zinamugwiranso ali kubafa, mpaka anatuluka sopo ali m'mutu. Atatopa nazo anatsetsereka yekha kupita m'tauni, kuchipatala chija cha matenda a m'maganizo, osauza munthu.

M'chipinda chimene anamulowetsa anasankha mpando wa pafupi ndi chitseko. Namwino amene anamulandira anali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Esitere atangoyamba kufotokoza, namwinoyo anamufunsa ngati manja amachita dzanzi, ngati amamva ngati akufa, ndiponso ngati wasiya kupita kumalo amene zinamugwirirako. Esitere anamuyang'ana ndi diso la m'mbali, namufunsa kuti mwamuna wake wadzera pano liti. Namwinoyo anati Henderson sakumudziwa, kungoti pampando womwewo pamakhala aphunzitsi, madalaivala ndi amayi a pamsika, onse akunena zofanana.

Anamufotokozera kuti thupi limadzidzimuka ngati laona njoka pomwe njoka palibe, kuti zimenezi si misala kapena kulodzedwa, ndipo zikamugwira zimafika pachimake kenako n'kutha zokha. Anamuphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono n'kuutulutsa mochedwa, namuuza kuti abwerere kumsewu ngakhale mantha alipo, ndipo azibwera kudzacheza naye. Za mankhwala anati adzaona m'tsogolo. Potuluka Esitere anayenda mofulumira, akuyembekezera kuti wina amuitana kumbuyo. Mlonda wa pachipata anangomufunira ulendo wabwino.

Esitere anauza Henderson za ulendowu patadutsa masabata, ndipo anamuchenjeza kuti dokotala akadzafunanso kunena za thupi lake, adzanene mwiniwake ali pomwepo.

Lero Esitere ali pamalo ake akale m'mbali mwa msewu. Zimamugwirabe, makamaka magalimoto akachuluka Loweruka. Amafulatira msewu, n'kugwira mtengo wa paini, n'kumapuma mpaka zitadutsa. Anzake ogulitsa akamanong'onezana, sadziwa ngati akunena za iye, ndipo nthawi zambiri amaganiza kuti akunena iyeyo.

Tsiku lina Safina, mayi wogulitsa mbatatesi pafupi naye, anadikira kuti ena atalikire, namufunsa chapansipansi kuti namwino uja amapezeka tsiku lanji. Esitere anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kufuna kuona ngati akumuseka.

“Lachinayi,” anatero. “Mukalawire, pamakhala anthu ambiri.”