Mkaka wa Nyama Zitatu

Ine ndine munthu woyamba m'chigwa chonse cha Shire kufufuza mkaka wa nyama zitatu n'kupeza zoona zake. Koleji ya uphunzitsi sinandipatse pepala pa zimenezi, kapena pa china chilichonse, poti ndinachokako chaka chisanathe. Kafukufukuyo ndinamuchita ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, pa mlongo wanga wa miyezi itatu.

Amayi anamwalira nyengo yothyola thonje. Maliro atatha, bambo ankangokhala patsinde pa msawu, choncho mwana anatsalira ine. Sindinalire. Ndinkangoganiza choti ndimuike m'kamwa.

Mzungu wa munda wa thonje cha ku Ngabu anali ndi ng'ombe zingapo, ndipo wophika wake anandithirira mkaka m'chikho. Nditammwetsa mwana ndi kachipande, milomo inatupa, thupi lonse linachita ziwengo, kenaka anasanza. Amalume, amene ankadziwa chilichonse kupatula kulima, anagamula mlandu.

"Ng'ombe yakula, mphwanga. Mwana wamng'ono, nyama yaing'ononso."

Kwathu mbuzi sitinkakama. Anthu anabwera kudzaonerera ndikulimbana ndi yathu, wina mpaka anafunsa ngati ndaifunsira mbeta. Ziwengo zinabwera zomwezo. Amalume anati mbuzi ndi yamakani, tiyese nkhosa poti ndi yofatsa. Atamwa wa nkhosa, mwana anayamba kupuma ngati chitoliro chong'aluka. Ndinakhala pakhonde nditamufukata, ndikumuyang'ana mmene timayang'anira madzi osefukira akamakwera pakhomo.

Mayi wina wa Chisena, wogulitsa nsomba zouma, anamva kupumako akudutsa. Mwana wake anali atamuika m'manda mwezi womwewo, ndipo nsalu yake inali yonyowa pachifuwa.

"Ndipaseni mwana," anatero. "Mumupha ndi nzeru zanuzi."

Anakhala pansi n'kumuyamwitsa. Patapita masiku atatu anamubereka kupita naye kwawo kwa Malemia. Mwamuna wake anatumiza mawu kuti mkazi woyamwitsa amagona payekha, ndiye iyeyo amafuna chomupepesa. Bambo anali akadali patsinde pa msawu, choncho ndinapereka ine.

Mlongo wanga anakula. Amayankhula Chisena, ndipo tikakumana amagwada n'kundipatsa moni wa mlendo. Lero ndikudziwa kuti thupi lokana ng'ombe limakananso abale ake a ng'ombeyo, ndiponso kuti mwana amakhala wa amene wamuyamwitsa. Zonsezi zinandidyera nkhuku imodzi, yoti inali itasiya kale kuikira.