Kanjira ka Pansi pa Madzi

Anthu ankawatchula kuti a Kamtolo, chifukwa moyo wawo wonse unathera posenza katundu wa amalonda kuwolotsa chigwembe cha pakati pa mapiri awiri. Ankatsetsereka ndi kanjira kokhotakhota, kupuma pamwala wathyathyathya, kuwoloka mtsinje modumpha miyala, n'kukwera tsidya linalo. Thumba la anyezi kwa iwo linali ngati mtsamiro.

Kenako kunachita chivomezi. Phiri la kum'mawa linang'ambika n'kugumukira m'chigwembemo, mitengo ili chiimire. Mtsinje unasowa potulukira. Madzi anakwera mwakachetechete, kumeza miyala yodumphapo, mwala wopumira, mpaka nsonga za mikuyu. Pomwe panali phompho panagona dziwe lalitali.

Mkamwini wawo, munthu wochangamuka, anagula bwato n'kuwapatsa nkhafi. Kupalasa anaphunzira msanga. Vuto linali limodzi: sankalunjika. Ankakhotera kumanzere, kubwerera kumanja, kuima pakatikati, kulondola kanjira kawo kaja pansi pa madzi.

"Madala, tikusaka chiyani kodi?" anakalipa mayi wina wogulitsa tomato. "Msika utha ife tikuvina pamadzi pano!"

"Apa m'potsetsereka, mayi. Sitithamanga."

Amalonda anaseka, koma posakhalitsa ambiri anayamba kukwera bwato la munthu wina. Mkamwini, poopa kuyang'anizana ndi apongozi, anatuma mkazi wake.

"Bambo, akuti mukapanda kulunjika, nkhafi apatsa wina. Njira ija inamira."

"Inamira, inde. Nanenso ndikaisiya, adzadziwa ndani kuti inalipo?"

"Nanga kale pobwerera, mtolo mutatula, ankakufulumizani ndani?"

A Kamtolo anatembenuza zikhatho zawo n'kuziyang'ana.

M'mawa mwake analongeza madengu n'kupalasa molunjika, atakukuta mano, osayang'ana m'madzi. Anakocheza tsidya mthunzi wa phiri usanachoke padziwe.

"Iii, madala, lero mwadya chiyani?" anatero mayi wa tomato uja. "Mawa mundisungire malo."

Pobwerera, bwato lilibe kanthu, anakhotera kumanzere, kenako kumanja, pang'onopang'ono ngati wotsika phiri. Atafika pamwamba pa mwala wopumira uja anagoneka nkhafi pamiyendo, napukuta thukuta, bwato likungoyandama. Atapuma mokwanira, anagwira nkhafi n'kuyamba kukwera chitunda cha kanjira kawo kaja.