Singano Yachitatu ya a Flossie

Mayi anga aang'ono, a Flossie, ali ndi singano zitatu, ndipo amazibaya pa chitsononkho chomwe chimakhala pawindo. M'mawa amaziwerenga, madzulo amaziwerenganso. Kale tinkawaseka kuti singano amaziweta ngati mbuzi. Masiku ano palibe amene amaseka.

Kusoka anaphunzira kwa masisitere ku Bembeke ali mtsikana. Mashini sanakhalepo nayo, zonse n'zapamanja. Anakwatiwa ndi a Vinsenti, bambo wofatsa wolima kachewere, ndipo anakhala zaka zoposa makumi awiri opanda mwana mpaka bambowo anatisiya. Ndi m'zaka zimenezo m'mene anayamba kusoka zidole. Ankatola tinsanza kwa atelala pamsika n'kudula njovu, nkhanga, ng'ona, nthawi zina kamunthu kovala duku. M'mimba ankaikamo thonje la mapilo akale. Maso ankachita kusoka ndi ulusi wakuda, poti batani mwana angameze. Sanagulitsepo ngakhale chimodzi. Mwana akabadwa pachibale kapena mumphakati wathu wa kutchalitchi, kawirikawiri chidole chake chimafika mchombo usanagwe. Inenso ndinakula ndi njovu yawo, khutu lina lobiriwira, lina lamaluwa.

Koma pakamwa pa anthu sipatsekeka. Mkazi wosabereka akamakonda ana a eni ake, ena amayamika, ena amayang'ana cham'mbali. Ndipo tonse kuno timakumbukira zomwe zinachitika kutsidya kwa dambo zaka zingapo zapitazo. Mwana anadwala, anthu anatola kansanza kokulunga singano kuseri kwa nyumba, n'kuloza chala gogo wina wamasiye. Nyumba yake anaitentha dzuwa likuswa mtengo. Gogoyo anathawira kwa achibale ku Mozambiki ndipo sitinamuonenso. Utsi wake tinkauona tili pakhonde la a Flossie, iwo ali ndi chidole pamwendo.

Chaka chatha mu Juni, nthawi ya chisanu chathu chija chong'amba milomo, anasoka zidole zisanu sabata imodzi. Zinayi zinali za ana obatizidwa Lamulungu la sabata imeneyo. Chachisanu, njovu yofiira, chinali cha mwana wa mlongo wanga Limbikani, amene ali pachikamwini ku Chongoni. Mkazi wake, Zilole, anabwera kudzationetsa mwanayo, Thokozani, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anabwerera kwawo Lamulungu masana, njovu ili m'chitenje.

Lolemba m'mawa a Flossie anandipeza kudimba. Moni sanapereke. Anangonditambasulira chitsononkho chija. Panali singano ziwiri.

Anati ndi piringupiringu wa alendo, masiku awiri sanawerenge. Nyumba asesa kawiri, mphasa akutumula, ngakhale phulusa asefa. Kenako ndi pamene anakumbukira. Loweruka, akutseka mimba za zidolezo, mbuzi zinalowa mu nyemba. Anabaya singano yaikulu m'thonje n'kuthamanga. Pobwerera anazula ina pachitsononkho n'kupitiriza. Koma chidole chake chinali chiti, sankakumbuka. Zonse zisanu zinali pamphasa, mimba zikadali zoyasama.

Ndisaname, ine ndinayamba kuganiza za utsi uja, za ana ndinaganiza pambuyo. Ndinawauza kuti asauze munthu. Singano m'chidole chochokera kwa mayi wamasiye wosabereka, ndani angamve zoti zinali mbuzi? Iwo anandiyang'ana ngati sakundidziwa, n'kunena kuti mwana akagonera chidolecho, singanoyo siyamba yafunsa kuti anthu anena chiyani. Pamapeto tinamvana zoti tikaifufuze, koma mwakachetechete.

Tinayenda nyumba zinayi tsiku lomwelo. Bodza lathu linali limodzi: a Flossie akufuna kuona ngati msoko wagwira. Ankalandira chidole n'kumachifinya ndi manja onse awiri, kuyambira kumutu mpaka kumchira, uku akucheza za ubatizo. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo. Sindinaonepo munthu wolakalaka kubayidwa chotero. Nkhanga, ayi. Ng'ona, ayi. Kamunthu kaduku, ayi. Panyumba yachinayi anafinya nsomba mpaka mwini mwana anafunsa ngati akufuna kuikama mkaka. Tinaseka naye, koma kuseka kwa pamano chabe.

Inatsala njovu.

Ndinaimbira Limbikani kasanu, foni yozima. Iyeyo amatchaja tsiku la msika lokha. Ndipo mwa nyumba zonse, imeneyo ndiyo tinkaiopa. Akuchikazi a Limbikani ndi anthu a gule wamkulu, sitipemphera nawo, ndipo ukwatiwo unamangidwa patayankhulidwa zambiri. Mwana woyamba wa Zilole anamwalira ali ndi miyezi inayi, atangochoka kuno komwe anadzacheza. Pamaliro pake amayi ake a Zilole, a Nankhoma, ananena mokweza kuti kuchimuna kuli maso osirira. Dzina sanatchule, koma aliyense anadziwa kotembenukira.

Lachiwiri tinalawira. Njinga yamoto inatitula pamene msewu umathera, kwinako tinayenda wapansi m'mphepete mwa nkhalango. Nkhungu inali itakuta ponseponse, munthu kumuona atakufika kale pamphuno. Amayi osenza nkhuni ankatulukira mwadzidzidzi n'kuzimiririkanso. A Flossie anali patsogolo, kolona m'manja, koma milomo osagwedera. Tikamva mawu patali tinkaima n'kutchera khutu, kuopa kuti mwina ndi kulira kwa maliro. Kawiri konse zinali mbuzi.

Tinafika dzuwa litangoboola nkhungu. Zilole ankatonola chimanga pabwalo ndi amayi ake. Thokozani anali pamkeka chafufumimba, nkhama zikumuyabwa, chitamba cha njovu chili m'kamwa, mimba ya njovuyo ataipsinja ndi chifuwa.

Moni wa kwathu kuno sathamangira. Anatiyalira mphasa, anafunsa za kumudzi mmodzimmodzi, ife tikuyankha maso ali pamwana. Kenako a Flossie anatulutsa bodza lija. A Nankhoma anasiya kutonola n'kufunsa ngati munthu angadule mtunda wonsewo m'chisanu chotere chifukwa cha msoko. Anawonjeza kuti kwawo mphatso ikalowa m'nyumba situlukanso, ndipo anakokera mkekawo kufupi ndi iwo, mwana ndi njovu yake yomwe.

Ndinawatsina a Flossie pantchafu. Ndinkafuna tibwerere, tikadikire Limbikani, tikapeze nzeru ina. Mwana anadzutsa mutu, anadzigwetseranso pa njovuyo n'kuseka.

"Muchotseni mwanayo pachidolepo," anatero a Flossie. "Muli singano m'menemo. Ndinaiiwala ndine."

Zilole anadumpha n'kumunyamula mwana. Njovu inatsala yokha pamkeka, ndipo palibe amene anaikhudza. A Nankhoma sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangoimirira n'kuzungulira kuseri, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kubwera awiriawiri, n'kumaima mozungulira bwalo, manja kumbuyo. Ndinawerenga mpaka makumi awiri n'kusiya. Nditayang'ana njira yomwe tinadzera, panali pataima amuna atatu.

Anabwera a Masautso, malume ake a Zilole, eni mbumbayo, atanyamula mpeni wopalira nsungwi. Anakhala pansi, anaika njovu palichero n'kuing'amba mimba. Thonje ankalitulutsa pang'onopang'ono ngati akutumbula nkhuku. Ine mumtima ndinkapemphera kuti isapezeke. Kenako ndinazindikira kuti ikapanda kupezeka, ndiye kuti taiphonya m'chidole cha mwana wina kwathu, ndipo sindinadziwenso chopempha.

Inapezeka pansi pa khosi, nsonga itatsala pang'ono kuboola nsalu. Kubowo kwake kunali ulusi wofiira wautali ngati mkono. A Masautso anaikweza kuti onse aone. Wina kumbuyo anatchula mawu aja tinkawaopa, akuti ufiti, ndipo ena anang'ung'udza movomereza. Ndinawagwira a Flossie chitenje ngati kamwana.

A Masautso anafunsa kuti anatiuza ndani zoti muli singano. A Flossie anati palibe. Anatembenukira kwa anthu aja n'kufunsa ngati panali wina pamudzipo amene akanadziwa, mayiwa akanakhala chete kwawo. Anakulunga ulusi uja pasingano, anaipereka kwa a Flossie ndi manja awiri, n'kutiuza kuti tinyamuke dzuwa likadalipo. Anatiperekeza okha mpaka pamsewu, akuyenda kumbuyo kwathu, mpeni uli m'manja. Mpaka lero sindidziwa ngati ankatiteteza kapena ankatithamangitsa.

Pofika Lachisanu Bembeke yense anali atamva. Loweruka m'mawa a Flossie anapeza pakhonde nkhanga, ng'ona, nsomba ndi kamunthu kaduku, zitaunjikidwa ngati zinyalala. Amene anabweza ndi anzathu a mumphakati, omwe timagwada nawo benchi imodzi. Zimenezi zimandipsetsa mtima mpaka pano. Kutchalitchi amayi ankakokera ana awo m'miyendo a Flossie akamadutsa. Iwo anasiya kusoka. Singano ankaziwerengabe, koma osazizula. Galu akauwa ankasuzumira pawindo kuona ngati kukubwera anthu, ndipo chidebe cha madzi sichinkachoka pakhomo, chifukwa denga lawo ndi laudzu.

Mu Ogasiti, tsiku lina lamphepo, ndili nawo pakhonde tikusankha nyemba, tinaona mayi akukwera mtunda, mwana kumsana. Anali Zilole. A Flossie anandigwira mkono. Ine ndinayang'ana kumbuyo kwake ngati kukubwera ena. Anali yekha.

Anagwada, anapereka moni, n'kumasula kampango. Munali njovu ija, mimba yoyasama, thonje lili pambali.

"Apongozi, mwanayu sagona bwino chichokere njovuyi. Ndayesa kusoka ndekha, ikungosomoka. Ndati ndibwere nayo kwa eni ake."

A Flossie analandira njovuyo n'kuiika pamwendo. Kenako anatenga chitsononkho, anazula singano yaikulu ija, ananyowetsa ulusi ndi malovu. Anaphonya bowo. Anayesanso, anaphonyanso. Ulusi unkangovina pabowo. Kachisanu anagwetsa manja pamwendo.

Zilole anasendera pafupi, anatenga singanoyo, analowetsa ulusi kamodzin'kamodzi n'kuwabwezera. Anamasula Thokozani kumsana n'kumukhazika pamphasa, atatsamira ntchafu ya a Flossie. Iwo anabwezera thonje pang'onopang'ono, anasoka mimba yonse osadzutsa mutu, ndipo anadula ulusi ndi mano. Atamaliza anabaya singano pachitsononkho n'kuchitambasulira Zilole, monga ananditambasulira ine kudimba kuja.

"Werengani."

"Zitatu," anatero Zilole, ndipo anapereka njovu kwa mwana osaifinya.