Yamikani wayatsa moto m'mapaini

Mwaswera bwanji nonse, ana anga.

Masana ano mlonda wa nkhalango kuno ku Chikangawa wabwera ndi Yamikani, mwana wa Esinati, atamugwira pamkono. Wamupeza m'mapaini atakoleza moto, chilimwe chino, masamba ouma ali mbwee pansi. Mwamwayi mlondayo wauzimitsa usanafalikire. Akuti, "Adada, lero mbwenu ndakhululuka. Akadzabwereza, ndi kupolisi."

Ndamufunsa mwanayo komwe anatenga machesi. Akuti, "Agogo, machesi ayi. Ndapekesa timitengo ngati bambo wa pa TV uja wogona m'tchire." Kumuyang'ana m'manja, matuza okhaokha. Kupeka moto si masewera. Ine amene ndinakulira kumudzi kunkandikanika. Koma zimenezo sindinamuuze.

Vuto ndi lakuti pa TV amaonetsa kuyatsa, kuzimitsa saonetsa. Amayi anu akuti TV ichoke m'nyumba. Ine ndikuti alowe gulu la masikauti kusukulu kwawo, akamuphunzitse kulambula malo asanakoleze moto ndi kukwirira makala akamaliza.

Esinati, mwana ndi wako. Yankha lero, chifukwa mawa kulibe sukulu, ndipo timitengo take tija wabisa. Wakana kunena pomwe tili.