Mkono Wanga ndi Phiko la Nkhuku

Chizindikiro choyamba chinali kuzizira kwa zala. Panali patapita masiku awiri chigwereni pa ngolo ya mbatata kwathu ku Tsangano, m'mwezi wa Juni, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Mkono wamanzere unathyoka kumunsi kwa chigongono.

Agogo, omwe anandilera makolo anga atamwalira, anali atapita nane kwa bambo wina wotchuka pa zolunzanitsa mafupa. Iye anathyola phiko la nkhuku yamoyo n'kulimanga ndi timitengo monga anamangira mkono wanga. "Nkhukuyi ikachira, mwananso wachira," anatero. Ine ndinangoyang'ana, poti sindinazolowere kutsutsa akuluakulu.

Nkhuku inayamba kujompha chimanga tsiku lomwelo. Ine zala zinatupa, kenaka zinayamba kuda. Ndikadandaula, bamboyo ankapita kukhola kukaona nkhuku, osati mkono wanga. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi, mtima umandiwawa.

Pa tsiku lachisanu agogo ananunkhiza nsanza za pamkonopo, n'kunena kuti basi, tipite kuchipatala. Tinadikira pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Namwino atadula zingwe zomangira timitengo tija anafunsa kuti, "Agogo, mumadikira chiyani?"

Dokotala atakweza chithunzi cha ekisileyi pawindo, ndinamuuza za nkhuku ija. Sanaseke. Anati, "Taona. Fupa limodzi kumtunda, awiri kumunsi kwa chigongono, kenaka timafupa ting'onoting'ono. Phiko la nkhuku nalonso n'chimodzimodzi, ngakhalenso phiko la mleme ndi mwendo wakutsogolo wa galu, chifukwa kalekale tonse tinachokera ku kholo limodzi. Koma chibale si mankhwala. Fupa lako lichira m'thupi lako."

Ndinagona m'wodi milungu itatu: jakisoni m'mawa ndi madzulo, kutsukidwa chilonda tsiku ndi tsiku, kenaka chikhakha. Mkono anaupulumutsa, koma kachala kakang'ono anakadula.

Nditabwerera kumudzi, agogo anapha nkhuku ija osandifunsa, n'kundiikira phiko lomwelo m'mbale. Ndinachotsa mnofu n'kuwerenga mafupa: limodzi, awiri, timafupa. Dokotala ananena zoona. Koma pothyoka paja panali patalumikizana mokhota. Ngakhale nkhukuyo bambo uja sanaichiritse.

Lero ndimalima ndi kusenza matumba bwinobwino, kungoti kukazizira mkonowo umanyung'unya. Agogo sindiwasungira chakukhosi. Ankachita zomwe ankadziwa. Koma bambo uja ndikakumana naye pamsika, ndimamupatsa moni ndi dzanja la zala zinayi, kuti aone.

Mwana wanu akathyoka, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nkhuku isiyeni ndi mapiko ake.